Masana m'kalasi, usiku ku Itaewon: moyo wa mphunzitsi wachilendo ku South Korea

Kumapeto kwa February ndi kwa August chaka chilichonse, pa bwalo la ndege la Incheon pamatsika achinyamata ochokera ku America, Canada, Britain ndi South Africa, masutikesi awiriawiri m'manja ndi envelopu ya makalata odindidwa ili m'khwapa. Ambiri mwa iwo sadziwa ngakhale kupereka moni m'Chikoreya, ndipo ena sanaimepo pamaso pa ana m'kalasi chibadwire. Koma pomatha masabata awiri amakhala atapatsidwa nyumba, malipiro a pamwezi ndi ana oti awaphunzitse Chingerezi.

Chowaitana ndi ludzu la maphunziro lomwe lili m'dziko la South Korea, la anthu pafupifupi 51 miliyoni. Tsogolo la mwana kumeneko limadalira kwambiri mayeso a tsiku limodzi otchedwa Suneung, omwe amalembedwa mu November ndipo ndiwo amatsegula khomo la yunivesite. Pa tsikuli maofesi amachedwa kutsegula ndi ola limodzi kuti misewu isadzaze, apolisi amathamangitsa pa njinga zamoto ophunzira omwe achedwa, ndipo ndege zimaletsedwa kunyamuka kapena kutera kwa mphindi zoposa 30 pamene ana akulemba gawo la Chingerezi lomvetsera. Kuyambira mu 1997 Chingerezi chimaphunzitsidwa kuyambira kalasi yachitatu ya pulayimale. Makolo saona ngati za kusukulu ya boma n'zokwanira, kotero amatumizanso ana kusukulu zolipira za madzulo zotchedwa hagwon. Mu 1980 boma la Chun Doo-hwan lidaletsa maphunziro apadera oterewa, koma mu 2000 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa chiletsocho. Pofika mu 2023 mabanja adawononga ndalama zoposa ma won 27 thiriliyoni pa maphunziro apadera m'chaka chimodzi chokha, ndipo Chingerezi ndi masamu ndiwo adadya gawo lalikulu.

Mlendo wofuna ntchitoyi amalowera pa limodzi mwa makomo awiri. Loyamba ndi la boma, kudzera mu ndondomeko ya EPIK yomwe idayamba mu 1995. Wolowera apa amatumizidwa kusukulu ya boma, m'tauni kapena kumudzi, ndipo nthawi zambiri amadziwa komwe akupita atafika kale m'dzikomo. Amagwira ntchito kuyambira cha m'ma 8:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, amaphunzitsa mapiriyodi 22 pa sabata, ndipo m'kalasi amakhala ndi mphunzitsi mnzake wa Chikoreya yemwe amamasulira pamene pavuta ndi kukhazikitsa bata. Khomo lachiwiri ndi la hagwon, yomwe ndi bizinesi ya munthu. Kumeneko ntchito imayamba ana akaweruka kusukulu ya boma, cha m'ma 2 koloko masana, n'kutha usiku. Mumzinda wa Seoul lamulo limati sukuluzi zitseke ikamakwana 10 koloko usiku, ndipo kungomva kuti padafunika lamulo lotere munthu atha kuona kutalika kwa tsiku la mwana wa ku Korea. Ana m'kalasi ya hagwon amakhala ochepa, koma masiku atchuthi ndi owerengeka, ndipo bwana weniweni ndi kholo lomwe likulipira. Mayi mmodzi akadandaula kuti mwana wake sakusangalala, mphunzitsi amaitanidwa mu ofesi tsiku lomwelo.

Chimene owerenga ambiri kuno kwathu angafune kudziwa n'chakuti khomoli ndi lotsegukira yani. Viza ya aphunzitsi a zinenero imatchedwa E-2, ndipo kwa ophunzitsa Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko asanu ndi awiri: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Munthu ayenera kukhala ndi digiri, ya phunziro lina lililonse, komanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sanapalamulepo mlandu. Izi zikutanthauza kuti Mmalawi yemwe adaphunzira uphunzitsi wa Chingerezi ku Chancellor College n'kuphunzitsa zaka khumi kusekondale sayenerera, pamene mnyamata wa ku Texas wa digiri ya zamalonda, yemwe sanagwirepo choko, amayenerera. Lamuloli limayang'ana pasipoti kuposa luso, ndipo n'kovuta kuliikira kumbuyo. Kupatula omwe ali ndi ziphaso zina zokhalira m'dzikomo, monga okwatirana ndi nzika, wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia yemwe wauzidwa ndi dobadoba kuti alipire ndalama apezeredwe ntchito yauphunzitsi ku Korea ayenera kuchenjera. Mu Africa muno ndi anthu a ku South Africa okha omwe amadutsa, ndipo chifukwa cha ulova kwawo tsopano ndi amodzi mwa magulu akuluakulu a aphunzitsiwa. Nawonso EPIK imawafunsa umboni woti adaphunzira m'Chingerezi kuyambira giredi 7.

Kudutsa pa khomo la viza sikutanthauza kuti tsankho latha. Olemba ntchito amafuna chithunzi pa kalata yofunsira ntchito, ndipo aphunzitsi achikuda akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti eni hagwon ena amakonda azungu poganiza kuti ndiwo makolo akufuna. South Korea ilibe lamulo limodzi loletsa tsankho la mtundu uliwonse. Mu 2007, munthu wina wa ku Canada yemwe adaphunzitsapo m'dzikomo atamangidwa ku Thailand pa milandu yogwiririra ana, boma lidakhwimitsa malamulo ndipo aphunzitsi achilendo adayamba kuyezedwa ngati amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo komanso ngati ali ndi HIV, pamene anzawo a Chikoreya samayezedwa. Mphunzitsi wina wa ku New Zealand adakadandaula ku komiti ya United Nations yolimbana ndi tsankho la mitundu, yomwe idagwirizana naye mu 2015. Kuyeza HIV mokakamiza kudathetsedwa mu 2017, koma kuyeza mankhwala ozunguza bongo kukadalipo.

Malipiro a woyamba kumene amakhala pakati pa ma won 2 miliyoni ndi 3 miliyoni pamwezi, omwe ndi madola a ku America pafupifupi 1,500 mpaka 2,000. Pamwamba pa izi pali nyumba yaulere, thandizo pa tikiti ya ndege, inshuwalansi ya zaumoyo yomwe olemba ntchito amalipira theka, ndi malipiro a mwezi umodzi owonjezera munthu akamaliza chaka. Kale ndalamayi inali yambiri, moti achinyamata ankabwera kudzabweza ngongole za kuyunivesite m'zaka ziwiri kapena zitatu. Lero zinthu zidasintha chifukwa malipiro a aphunzitsiwa adangoima pamene mitengo ikukwera. Mu 2010 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali ma won 4,110 pa ola. Mu 2025 adafika pa 10,030, omwe pamwezi ndi pafupifupi ma won 2.1 miliyoni. Choncho mphunzitsi wongofika kumene amalandira ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya wogulitsa m'golosale. Chimene chimamupulumutsa ndi nyumba ija.

Komatu nyumbayo ndi chingwe. Nthawi zambiri imakhala chipinda chimodzi chokhala ndi bedi, kakhitchini ndi bafa, ndipo imakhala m'dzina la sukulu, popeza eni nyumba ku Korea amafuna ndalama ya chikole yochuluka kuposa malipiro a miyezi iwiri kapena itatu. Viza nayo imamangiriridwa kwa wolemba ntchito. Wofuna kusintha sukulu kontirakiti isanathe amafunika kalata yomumasula yochokera kwa bwana yemwe akumuthawayo, ndipo bwanayo sakakamizidwa kuipereka. Kuphunzitsa ana kunyumba mwamseri kuti apeze ina yapadera ndi mlandu womwe ungamuthamangitsitse m'dziko. Ndiye mphunzitsi yemwe wagwa m'manja mwa bwana wochedwetsa malipiro amadziwa kuti akasiya ntchito wataya nyumba ndi chilolezo chokhalira tsiku limodzi. Ena amakadandaula ku ofesi ya zantchito ndipo amathandizidwa, ngakhale zimatenga nthawi. Ena amangodikira tsiku la malipiro, n'kulongedza usiku, m'mawa kukacha ali m'ndege osatsanzika. Khalidweli n'lodziwika kwambiri moti aphunzitsi ali nalo dzina lakelake, ndipo ovutika amakhala ana omwe amapeza kalasi yopanda mphunzitsi Lolemba.

Za tsiku ndi tsiku munthu amazolowera msanga. Pakhomo la sukulu amavula nsapato n'kuvala masilipasi. Nkhomaliro amadya pamodzi ndi aphunzitsi ena: mpunga, msuzi ndi kimchi, kabichi wosasitsa wothira tsabola yemwe sasowa pa chakudya chilichonse. Zinyalala amataya m'matumba apadera ogula kusitolo, ndondomeko yomwe idayamba mu 1995, ndipo wosakaniza zotsalira za chakudya ndi mapulasitiki amalipitsidwa chindapusa. M'nyengo yozizira, pamene kunja kumatha kufika madigiri 10 pansi pa ziro, nyumba imatenthedwa kuchokera pansi. Zilembo za Hangul, zomwe Mfumu Sejong idakhazikitsa m'zaka za m'ma 1440, zilipo 24 zokha ndipo wakhama amaziwerenga m'masiku ochepa, ngakhale kulankhula chinenerocho ndi nkhani ina. Chovuta kuchimvetsa kwa alendo ambiri ndi nthawi ya tchuthi kusukulu za boma, pamene ana kulibe koma kontirakiti imati mphunzitsi akhale pa desiki yake maola asanu ndi atatu, m'nyumba yozizira, wopanda chochita.

Usiku wa mphunzitsiyu uli pawiri. Pali wa kuntchito, wotchedwa hoesik, pamene ahedi amatengera aphunzitsi onse kukadya. Kukana n'kotheka, koma kumaoneka ngati kudzipatula. Nyama ya nkhumba imawotchedwa pa tebulo pomwepo, ndipo pambali pamakhala mabotolo obiriwira a soju, mowa woyera ngati madzi womwe ukali wake ndi wochepera wa kachasu koma umagwetsa munthu mosazindikira. Apa Mmalawi sangasokere kwenikweni, chifukwa mwambo wake ndi wa ulemu kwa akulu: munthu sadzithirira yekha, amalandira tambula ndi manja awiri, ndipo pomwa pamaso pa wamkulu amatembenuzira nkhope kumbali. N'chifukwa chake funso loyamba lomwe mlendo amafunsidwa limakhala la zaka zake, pakuti popanda kudziwa wamkulu ndani Akoreya sadziwa momulankhulira. Akatha kudya gulu limasamukira kumalo ena omwera, kenako ku noraebang, tizipinda tolipira pa ola momwe anthu amaimba nyimbo pa maikolofoni. Ahedi omwe masana sanena kanthu amatha kuimba mpaka mawu kusasa, koma m'mawa mwake palibe amene amazitchula.

Usiku wina ndi wa alendo okhaokha. Ku Seoul amasonkhana ku Hongdae, pafupi ndi yunivesite ya Hongik, kapena ku Itaewon, dera lomwe lidakula chifukwa choyandikana ndi malo a asilikali a America ku Yongsan. Ku Itaewon ndiko kuli mzikiti waukulu wa mumzindawu, womwe udatsegulidwa mu 1976, malo odyera a anthu a ku Nigeria, Turkey ndi India, ndi mabala komwe anthu a ku South Africa amaonera mpira wa rugby. Sitima za pansi pa nthaka zimasiya kuyenda cha pakati pa usiku n'kuyambanso cha m'ma 5:30 m'mawa, kotero yemwe yamusiya yomaliza amasankha pakati pa takisi yodula, kugona m'nyumba zosambiramo zomwe zimatsegula usiku wonse, kapena kupitiriza kumwa mpaka kuche. Ambiri amasankha chachitatuchi. Opanda ndalama amakhala pa mipando ya pulasitiki panja pa masitolo a GS25 kapena CU, popeza botolo la soju ndi lotchipa kuposa kapu ya khofi.

Kuseri kwa chisangalalochi kuli kusungulumwa. Wotumizidwa kumudzi atha kukhala mlendo yekhayo m'tauni yonse, n'kutha sabata osacheza ndi munthu wamkulu m'chinenero chomwe amachimva bwino. Wa ku Johannesburg akaweruka madzulo, kwawo kumakhala kukadali m'mawa chifukwa Korea ili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri. Abwenzi omwe wapeza amachoka makontirakiti awo akatha, ndipo chaka chilichonse amayamba chibwenzi chatsopano ndi anthu omwe nawonso adzachoka. Pamenepa mowa umasanduka mankhwala, ndipo alipo omwe amabwerera kwawo opanda kanthu m'thumba atagwira ntchito zaka zitatu. Chamba, chomwe ku Canada n'chololedwa, ku Korea chimatengera munthu kundende kapena pa ndege yobwerera.

Itaewon yakhalanso malo a misozi. Mu May 2020 matenda a Covid-19 atafala kuchokera m'malo ovinira a m'derali, aphunzitsi achilendo adayamba kukayikiridwa ndipo sukulu zina zidawafunsa kuti afotokoze komwe adayenda. Pa 29 October 2022, chikhamu cha anthu okondwerera Halloween chidapanikizana m'kanjira kopapatiza kotsetsereka, ndipo anthu 159 adataya miyoyo, 26 mwa iwo anali ochokera kunja. Ambiri anali a zaka za m'ma 20.

Funso lomwe likukula tsopano ndi la ana oti aphunzitsidwe. Mu 2023 chiwerengero cha ana omwe mayi mmodzi amayembekezeka kubereka chidatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa pa dziko lonse, ndipo sukulu za pulayimale za kumidzi zikutsekedwa chifukwa chosowa olembetsa. M'chaka cha 2000 ku South Korea kudabadwa ana oposa 600,000. Mu 2023 adabadwa pafupifupi 230,000. Ana amenewa adzafika m'kalasi yachitatu, momwe Chingerezi chimayambira, mu 2032.