Kwa Eni Land Rover Zakale: Nyali ya Oyilo Ikayaka m'Injini Yongokonzedwa Kumene

Kodi m'mudzi mwanu muli Land Rover yakale? M'madera ambiri ikalipo imodzi. Ndiyo inyamula matumba a chimanga ndi mtedza kunka nawo kumsika, ndiyonso ithamanga usiku kuchipatala ndi mayi wapakati. Magalimoto amenewa anayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, m'chaka cha 1948. Injini imene ambiri a inu muidziwa, ya malita 2¼, inatuluka mu 1958, ndipo inali kuikidwabe m'magalimoto a Series III kufikira 1985. Tsono ngakhale yomalizira yeniyeni ndi nkhalamba.

Injini yotere ikatopa, banja ligulitsa fodya, kapena ng'ombe imene, kuti makaniko aiphwasule ndi kuikamo zitsulo zatsopano. Imeneyo ndiyo ovaholo. Galimoto ibwera kumudzi, ana aithamangira, koma sabata isanathe nyali yobiriwira ija ya oyilo iyamba kuphethira injini ikatentha. Apa mpamene ndalama za ng'ombe ija zipulumukira kapena kutayikira.

Choyamba, zimitsani injini. Musanene kuti tingofika kaye kunyumba. Injini yopanda oyilo wokwanira inoka m'mphindi zochepa, ndipo ikanoka mubwerera kugalaji ndi ng'ombe yachiwiri.

Kuti mumvetse zimene makaniko adzanena, dziwani ichi. Kirankishafuti, chitsulo chachikulu chozungulira pansi pa injini, siyenera kukhudzana ndi mabering'i ake. Iyandama pa oyilo. Mpata wa pakati pa ziwirizi uli ngati inchi 0.002, wochepa kuposa tsitsi la m'mutu mwanu. Pampu ili pansi m'sampu, iyamwa oyilo ndi kumukankhira m'timipata timeneti. Ganizirani pampu ya njinga. Chubu chikakhala chabwino, mumva kulimba m'manja. Chikakhala chobooka, mupopa mpaka thukuta koma sichilimba, ndipo mlandu suli wa pampu ai. Momwemonso m'injini. Mphamvu ya oyilo ichepa pamene pampu siipeza oyilo, kapena pamene pampuyo yatha, kapena pamene oyilo apeza njira yotakasuka yothawira. Ntchito yonse ndiyo kupeza kuti mwa zitatuzi chachitika nchiti, kuyambira pa zosalira ndalama.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, dikirani pang'ono, ndipo solola ndodo yoyezera oyilo. Injini yatsopano idya oyilo maring'i asanakhazikike, ndipo gasiketi yatsopano nayo itha kudontha. Ngati oyilo ali pansi pa chizindikiro, onjezani. Koma musabwezere ndodoyo musanainunkhize. Mukamva fungo la petulo, ndipo oyilo nkuoneka wochuluka kuposa amene munathira, kayikirani kapampu ka petulo kamene kali m'mbali mwa injini. Kampira kake kakang'ambika, petulo atsikira m'sampu ndi kusungunula oyilo mpaka akhala ngati madzi. Kukonza kwake nkwa ndalama zochepa. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, ndipo imeneyo ndi nkhani ya gasiketi ya hedi.

Funsaninso kuti makaniko anathira oyilo wanji. Injini zakalezi zifuna wolemera, monga 20W-50. Oyilo wopyapyala wa magalimoto amakono athawa msanga m'mipata yake, makamaka mu Okutobala, pamene mukwera phiri la ku Chikwawa ndi katundu wodzaza. Za oyilo wogula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, amene palibe adziwa kumene anachokera, sitinenapo zambiri. Musamuthire m'injini imene mwalipira ndi ng'ombe.

Zonsezi zikakhala bwino, yafika nthawi yofunsa ngati nyaliyo ikunena zoona. Nyali siiwerenga kanthu. Ili ndi kaswichi kamene kamangoiyatsa mphamvu ikatsika kwambiri, pansi pa mapaundi 10. Kaswichiko kakalamba, kapena waya wake akakhudza chitsulo, nyali iyaka pachabe. Pemphani makaniko kuti amasule kaswichiko, ndipo pabowo pake amangepo geji ya singano. Makaniko aliyense woyenera dzinali ali nayo, kapena adziwa kobwereka. Musalole munthu kumasula sampu asanachite zimenezi.

Imani pomwepo muone nokha, ndipo lembani manambala papepala. Werengani injini ili yozizira. Kenaka yendani nayo theka la ola kuti oyilo atenthe ndithu, pakuti oyilo achedwa kutentha kuposa madzi, ndipo werenganinso. Injini yabwino ya mtundu umenewu, itatentha, ikuyenda mamailosi 30 pa ola m'giya yomaliza, ionetsa pakati pa mapaundi 45 ndi 65. Ikangolira chiimire, singano itsika, ndipo mapaundi 20 pamenepo si oopsa. Amakaniko ali ndi kawerengedwe kawo kachidule: mapaundi 10 pa kuzungulira 1,000 kulikonse kwa injini pa mphindi ndiwo malire, pansi pake mpangozi.

Tsono manambala anu aja ayamba kulankhula.

Ngati singano ikwera bwino injini ili yozizira, koma nkugwa oyilo akatentha, ndiye chubu chobooka chija. Mipata yakula. Ngati singano ili pansi nthawi zonse, yozizira ndi yotentha yomwe, yang'anani kupampu ndi kuvalavu yake, kapena pali bowo lina losatsekedwa. Ngati singano ili bwino injini ikulira pang'onopang'ono, koma nkutsika kapena kunjenjemera mukaponda moto, pampu ikuvutika kuyamwa, ndipo kawirikawiri sefa ya pansi yatsekeka. Ikamagwa pokhota kapena potsetsereka pokha, oyilo ndiye wachepa m'sampu.

Pamenepo mpoyenera kukhetsa oyilo ndi kumasula sampu. Khetserani m'beseni loyera, mupite nalo padzuwa. Kafumbi kochepa kotuwa m'injini yatsopano sikodabwitsa. Koma tizidutswa tonyezimira, makamaka tofiirira ngati mkuwa, tisonyeza kuti bering'i yayamba kale kudyeka. Tsegulaninso fyuluta muone zimene yagwira.

Sefa ya pampu ndi kaukonde ka waya. Amakaniko a masiku ano akonda kupaka silikoni wambiri pamagasiketi. Wotsala afinyikira m'kati, athothoka ngati nyongolotsi, nakatseka sefayo. Nthawi zina mupezamo ulusi wa sanza zimene anapukutira. Onaninso kuti sefa yamangika molimba kupampu, chifukwa pampu yoyamwa mpweya ili ngati munthu womwa thobwa ndi bango long'aluka.

M'thupi la pampu ya injini imeneyi muli valavu yaing'ono, kampira kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i. Ntchito yake ndiyo kubwezera oyilo m'sampu mphamvu ikapyola muyeso. Kamchenga kamodzi kakakhala pansi pa kampirako, valavu siitseka, ndipo oyilo angozungulira pomwepo osafika kumabering'i. Sipuling'i yofooka ichita chimodzimodzi. Ndipo funsani molunjika: kodi pampu inasinthidwa, kapena inangotsukidwa ndi palafini? Ambiri pofuna kuchepetsa mtengo abwezera yakale yomweyo osayeza magiya ake.

Tifike tsono pa cholakwa chachikulu, chimene chipezeka kawirikawiri m'injini zongokonzedwa. Kirankishafuti yokalika itumizidwa kutauni kuti akaipale pamakina. Aipala ndi muyeso, 0.010, kapena 0.020, kapena 0.030 ya inchi, ndipo mabering'i atsopano ayenera kukhala onenepa ndi muyeso womwewo. Nambala yake yadindidwa kumsana kwa bering'i, kapena mau akuti STD ngati ili ya muyeso woyamba. Wina akagula a STD nkuwaika pakirankishafuti yopalidwa 0.010, mpata ukula kasanu kapena kuposa. Injini ilira ndithu, galimoto iyenda, koma oyilo akatentha athawa onse. Kuyeza kwake nkosavuta. Kuli kaulusi ka pulasitiki kotchedwa Plastigauge. Makaniko aika kachidutswa pachitsulo, amanga mabawuti molingana ndi muyeso, amasulanso, ndipo kuphwatalala kwa kaulusiko kuonetsa kukula kwa mpata. Atero pa bering'i iliyonse, osati imodzi yokha. Kumbukirani kuti injini zakale zili ndi mabering'i aakulu atatu, koma za kuyambira 1980 zili ndi asanu, ndipo zitsulo zake sizisinthanitsidwa.

Mabering'i a pansi akapezeka olungama, patsala a kamushafuti. Awa aiwalika chifukwa kuwasintha kufuna makina, koma akatha ataya oyilo wambiri. Patsalanso timapulagi totseka njira za oyilo m'buloko, timene amachotsa potsuka. Kamodzi kakaiwalika kapena kukhala kosamanga, singano siidzakwera ngakhale mugule pampu zitatu. Izi ziwiri zifuna kutsitsanso injini.

Chenjerani ndi mankhwala atatu amene mudzauzidwa. Wina adzati tithiremo oyilo wa m'giyabokosi kuti alimbe. Singano ikwera pang'ono, koma m'mawa wozizira oyiloyo safika msanga pamwamba. Wina adzati tiike mawashala kumbuyo kwa sipuling'i ija. Izo zingokweza malire a pamwamba, sizitseka mpata wa bering'i, ndipo injini ikatentha nyali iphethirabe. Wachitatu, woipa koposa, angochotsa babu.

Ovaholo ikalephera chotere, bwererani kwa amene anaichita, mutatenga pepala la manambala lija ndi mboni, ndipo musachedwe, pakuti pakapita miyezi adzati mwaononga ndinu. Inu amene simunatumize injini, panganani zisanayambe: zitsulo zakale akubwezereni, mabokosi a mabering'i atsopano muwaone, ndipo gawo lomaliza la ndalama mulipire geji itawerengedwa injini ili yotentha. Poiliza koyamba, makaniko achotse mapulagi a moto ndi kuizunguza ndi sitata kufikira nyali itazima, ndipo pamenepo abwezere mapulagi. Mamailosi 500 oyamba yendani mosathamanga ndi katundu wopepuka, ndipo akakwana sinthani oyilo pamodzi ndi fyuluta.