Batire Lomwe Linatha Mphamvu mu 2004

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malaŵi, ya mtundu wa Dornier 228, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi anafa, pamodzi ndi wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, amene tinamuika m'manda ku Nsipe, pafupi ndi kwathu kuno ku Balaka. Akatswiri a ku Germany atafufuza anapeza kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa, ndiponso kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera linatha mphamvu m'chaka cha 2004. Batirelo silinagwetse ndege ayi. Komabe tiyenera kufunsa: zinatheka bwanji kuti likhale momwemo zaka makumi aŵiri?

Yankho lina tilipeza ku America. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha mumlengalenga cha boma, Challenger, chinaphulika patangopita masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu asanu ndi aŵiri anafa. Usiku wa dzulo lake Roger Boisjoly ndi amisiri anzake anachenjeza kuti kuzizira kudzaumitsa mphira wotseka mfundo za roketi, koma akuluakulu anapeputsa mawu awo. Bungwe lofufuza la Rogers linapeza kuti mphirawo unaonongekapo pa maulendo ena am'mbuyo. Popeza chombo chinkabwera bwino, cholakwacho chinasanduka chizoloŵezi. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo china, Columbia, chinasweka pobwerera, nafanso asanu ndi aŵiri, ndipo ofufuza anadzudzulanso kayendetsedwe ka bungwe la NASA.

Apa tiona kuti ngozi yotere siyamba tsiku la maliro. Imayamba pamene cholakwa chaching'ono chalekereredwa kamodzi popanda choipa chochitika. Ulendo wachiŵiri sichiopsanso munthu, ndipo wochenjeza ayamba kuoneka ngati wochedwetsa ntchito. N'chifukwa chake woyendera makina sayenera kukhala pansi pa munthu amene akufulumira kuti ulendo uyambike, ndiponso wantchito wamng'ono ayenera kukhala ndi njira yofikitsira mawu ake pamwamba mosaopa kuchotsedwa.

Ife amene tidzayang'anira zipatala, masukulu ndi magalimoto a mishoni ku Balaka ndi ku Machinga tikumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Dalaivala akatiuza kuti mabuleki atha, ulendo uyambe wadikira.