Njovu za ku Liwonde ndi thovu la mumlengalenga

Anthu okhala mozungulira nkhalango ya Liwonde, kuno ku Machinga ngakhale kutsidya kwa Shire ku Balaka, amadziwa kuti njovu ikafuna chimanga imadikira kaye kuti kude. Bungwe la African Parks, lomwe lakhala likuyang'anira nkhalangoyi kuyambira 2015, linaveka nyama zina makolala a GPS kuti alonda azidziwa komwe zalowera. Chomwe ambirife sitidziwa n'chakuti nthawi yomwe njovu zimanyamuka ndi yomwenso mlengalenga mumayamba kuvutitsa GPS.

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina yasekondale kumudzi, choncho mundilole ndifotokoze ngati ndili m'kalasi. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Uthenga wawo usanafike pakolala ya njovu kapena mufoni yanu, umadutsa m'chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, choyambira pamakilomita pafupifupi 60 mpaka 1,000 kuchoka pansi. Kumeneko cheza cha dzuwa chimathothola maelekitironi ku mpweya, ndipo mpweya wotere akatswiri amautcha plasma. Madala omwe ankatchera Channel Africa m'Chinyanja pa short wave ankadalira chigawo chomwechi, poti mafunde a wailesi ankagunda kumeneko n'kubwerera pansi.

Vuto limayamba dzuwa likangolowa. Kunsi kwa chigawochi plasma imatha msanga, pomwe kumwamba ikadali yochuluka. Cholemera chikakhala pamwamba pa chopepuka sipakhala bata. Timatumba topanda plasma yokwanira timakwera n'kuboola kumtunda, monga momwe thovu limatumphukira mumphika wa phala. Thovuli limatambalala makilomita mazanamazana kumpoto ndi kummwera, motsata mphamvu ya maginito ya dziko, ndipo limatha kukhalapo mpaka pakati pa usiku. Uthenga wa GPS ukadutsamo umaphethiraphethira ngati nyenyezi. Chida chimasonyeza malo olakwika, penanso chimataya setilaiti kwa kanthawi.

Thovuli silioneka ndi maso, n'chifukwa chake amalisaka ndi masetilaiti. Pa 22 November 2013 bungwe la European Space Agency linatumiza masetilaiti atatu otchedwa Swarm, omwe amauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 450 mpaka 500, mkati mwenimweni mwa ionosphere. Akamadutsa amayeza kuchuluka kwa maelekitironi, ndipo chiwerengero chikagwa mwadzidzidzi n'kukweranso, ndiye kuti alowa m'thovu n'kutulukamo. Miyeso yotere yaonetsa kuti Africa ndi amodzi mwa madera omwe thovuli limachitika kwambiri, makamaka cha m'March ndi April komanso September ndi October.

Pano ndichenjeze, kuopa kuti wina angamanamizire mlengalenga foni yake ikasokonekera. Thovuli limabadwira pa equator ya maginito, yomwe mu Africa imadutsa cha ku Ethiopia ndi Nigeria. Uganda ndi Kenya ndiwo ali pamoto. Ife tili m'mphepete, kummwera. Komabe chida cha ku Liwonde chimamveranso masetilaiti omwe ali chakumpoto, ndipo uthenga wa amenewo ungathe kudutsa m'dera la chipwirikitilo. Oyeza malo a makolo ali ndi mwayi poti amagwira ntchito masana. Alonda a nyama ndi oyendetsa ndege usiku alibe mwayi umenewo.

Ukali wa dzuwa umakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11, ndipo mu 2024 unafika pachimake. Mu May chaka chimenecho namondwe wochokera kudzuwa anasokoneza GPS mpaka alimi ena ku America anaimika mathirakitala nthawi yobzala. South Africa ili ndi malo ounikira nyengo ya mumlengalenga ku Hermanus, ogwira ntchito usana ndi usiku.

Swarm imadutsa pamwamba pathu kwa mphindi zochepa n'kupitirira. Kuti tidziwe zomwe zimachitika kuno usiku uliwonse pafunika chida chokhazikika pansi, ndipo si chachikulu ayi: bokosi lolandira uthenga wa GPS, mlongoti padenga, sola ndi kompyuta. Ndikupempha a University of Malawi ku Zomba ndi a MUST ku Thyolo kuti aganizire zoika chida chotere pasukulu ina ya ku Machinga kapena Balaka. Denga tili nalo, ndipo ana a Fomu 3 okopera manambala m'mawa uliwonse sangasowe.