Chikuta chopanda agogo m'makomboni a ku Shamva

M'mafamu a ku Shamva, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland m'nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi. Kumudzi kwa Achewa, kumene mwamuna amapita kuchikamwini, mkazi amachirira pakati pa abale ake, ndipo akakhala m'chikuta, nthawi yobindikira mpaka mchombo wa khanda utagwa, amayi ake ndi agogo ndiwo amamuphikira phala, kumutungira madzi ndi kumulangiza. Koma m'komboni ya pafamu, nyumba inkaperekedwa kwa mwamuna ngati wantchito, ndipo mkazi, amene kawirikawiri ankalembedwa ganyu wa nyengo yokha, ankabwerera kumunda msanga mwana ali kumbuyo.

Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunabalalitsa ena mwa mabanjawa, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda ziphaso, kotero kuti ngakhale anansi amene ankalowa m'malo mwa abale anamwazikana. Apa ndi pamene pamamera matenda a maganizo ogwira mayi akangobereka, omwe amadziwika ndi chisoni chosatha, kusowa tulo ngakhale mwana atagona, kudziimba mlandu, ndiponso nthawi zina kuganiza zodzipha. Bungwe la World Health Organization limati m'maiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 alionse amavutika m'maganizo atabereka, koma popeza mkazi amaphunzitsidwa kupirira, ambiri amangodandaula za mutu ndi kufooka, ena n'kumawanena kuti ndi aulesi kapena alodzedwa.

Njira yothandizira inapezeka m'dziko lomweli. Mu 2006 Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera munthu wovutika ndi "kufungisisa", mawu a Chishona otanthauza kuganiza mopitirira, kenaka n'kumuthandiza kuthetsa mavuto ake limodzilimodzi.

Anamkungwi, amayi a m'mipingo ndi magulu othandizana pamaliro a ku Shamva akhoza kuphunzitsidwa ntchito yomweyi m'Chinyanja, pamene anamwino a kusikelo ayenera kufunsa za mtima wa mayi monga momwe amayezera thupi la mwana. Nawonso abambo, popeza apongozi ali kutali, sangapitirize kuona kutunga madzi ndi kulera khanda usiku ngati ntchito ya akazi okha.