Fumbi la Malata a Lusalite ku Fonte Boa

Ku Fonte Boa, mishoni ya Ajezuiti ya m'mapiri a Angónia, ngakhalenso m'madera ena a Mozambique, mmisiri woitanidwa kukasasula denga lakale ayenera kuyamba wafufuza ngati malatawo ndi a lusalite, omwe ndi malata a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, mwala wa tiulusi tolimba tosapsa ndi moto. Malata otere ankapangidwa ku Dondo, pafupi ndi Beira, ndipo ngakhale boma linaletsa asibesitosi mu 2010, madenga akale sanachoke.

Lata likakhala lathunthu ngozi yake imachepa, koma likaswedwa ndi nyundo, likabooledwa kapena kudulidwa, limatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso, timene timakakhazikika m'mapapo osatulukamonso. Tiulusito timaumitsa mapapo, timayambitsa khansa ya m'mapapo komanso mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, yomwe kawirikawiri imaonekera patapita zaka zoposa 20, munthu ataiwala kalekale ganyu imene inamudwalitsa. Apa ndiye pagona vuto la ntchito zing'onozing'ono, pakuti wogwira sakhosomola tsiku limenelo, amasesa fumbi louma, amadziphimba kansalu kosatchinga kanthu, ndipo zovala zake akazichapira kunyumba fumbilo limafikira mkazi ndi ana. Choipitsitsa ndi kutola zidutswa n'kukafolerera khola kapena chimbudzi.

Denga losasweka ndi bwino kulisiya, ndipo likafunika kuchotsedwa, ntchitoyo ipatsidwe kwa anthu ophunzitsidwa, amene amanyowetsa malata, kuwatsitsa athunthu ndi kuwakulunga m'mapulasitiki.