Dothi lomwa mankhwala limachapika, koma poizoni safa

Kwa Kasakula, m'mapiri a Ntchisi, mankhwala ophera tizilombo amayenda ndi nyengo: pa nazale ya fodya, m'chimanga ntchemberezandonda zikalowa, m'thumba poopa anankafumbwe. Chiyambire 2017, pamene boma linalengeza kuti mbozizi zadzetsa ngozi m'maboma 20, mayina ngati Dursban ndi cypermethrin alimi ambiri anawaloweza pamtima.

Mankhwala opopera m'munda amamwazikana. Oopsa kwambiri ndi amene amatayikira pamodzimodzi chaka ndi chaka, kuseri kwa chigafa kumene anthu amasungunulira, kapena pansi pa nyumba yosungiramo katundu pamene mgolo unabooka. Ngati amene anatayikawo ndi akale aja, DDT kapena dieldrin yemwe ankaphera chiswe, amakhalabe m'dothimo zaka makumimakumi. N'chifukwa chake pangano la ku Stockholm la 2001 linawaika pa mndandanda wa oyenera kuthetsedwa kapena kuchepetsedwa. Chlorpyrifos, amene ali mu Dursban, anawonjezedwa mu 2025.

Mankhwala oterewa mvula siwachotsa, chifukwa sasungunuka m'madzi. Amakakamira ku timibulu ta dothi ndi ku zowolerana, ndipo dothi likakokoloka amatsika nalo limodzi kulowera ku Nkhotakota ndi kunyanja.

Akatswiri ali ndi njira yochapira dothi lotere. Amalikumba, kulisefa, n'kulitakasa m'thanki muli zosungunulira monga ethanol kapena acetone. Poizoni amasiya dothi n'kulowa mu ethanol. Akatsanula, amatcheza ethanolyo ngati mmene amatchezera kachasu: nthunzi imatuluka, ikazizira n'kubwereranso pa ntchito, poizoni n'kutsala pansi ali phalaphala. Mchenga umayera msanga. Katondo ndi makande zimafuna kubwereza kangapo, ndipo dothi lochapidwalo limatuluka lofooka, losowa manyowa.

Ethanol tili naye, ndipo sali kutali: ku Dwangwa akhala akumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982. Koma tisanamizane, kuchapa sikupha poizoni, kumangomusonkhanitsa. Phala lotsalalo limafuna ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,100. Mankhwala otha ntchito amene bungwe la Pesticides Control Board linasonkhanitsa mothandizana ndi FAO ndi CropLife anachita kuwatumiza kunja kukawotchedwa.

Ndiye njirayi si ya munda wa maekala awiri, ndipo si yoyesera pakhomo, poti ethanol sachedwa kugwira moto. Ndi ya malo ochepa pamene poizoni anaunjikana, akatswiri atayeza dothi. Ntchito yoyamba ndi yodziwa malowo, ndipo amene amawadziwa ndi nyakwawa, alangizi ndi okalamba amene akukumbukira pamene migolo inkakhala. Malowo akapezeka, amafunika kutchingira kuti pasalimidwe masamba, mbuzi zisadyepo, ndipo chitsime chisakumbidwe kumunsi kwake.