Ndinaulula chinsinsi cha kampani ku Doha, poganiza kuti palibe womva Chichewa

Inali cha m'ma 12 koloko usiku pa bwalo la ndege la Hamad mumzinda wa Doha, ku Qatar. Tinali titangotera kuchokera ku Johannesburg ndipo tinkadikira ndege ina yopita ku London. Abwana anga, mayi amene ndimawagwirira ntchito ya usekilitale, anali atalowa m'chipinda chodikiriramo anthu a matikiti a business class. Ine wa tikiti wamba ndinapeza mpando pafupi ndi potchajira foni, n'kuimbira mnzanga wa ku ofesi ku Blantyre pa WhatsApp. Iye anali asanagone, ankamalizitsa mapepala a msonkhano wathu.

Tinakambirana zonse: mtengo umene abwana ankafuna kukayambira pokambirana ndi kampani ya kunjayo, komanso malire amene anati sangadutse zivute zitani. Netiweki inkadukaduka, choncho ndinkakuwa ngati ndili pa depoti ya Wenela. Mantha ndinalibe. Ndani angamve Chichewa ku Doha pakati pa usiku?

Nditangodula foni, bambo wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwanga anatembenuka.

"Muli bwanji amayi? Ine kwathu ndi ku Chipata. Pepani kulowerera, koma manambala anu onse ndawamva, mpaka dzina la kampani. Ulendo wina muzikalankhulira pamalo poduka mphepo."

Ndinangoti kakasi. M'bwalomo munkazizira koma ine thukuta kamukamu.

Ndinkayesa n'kuwononga ndalama

Ntchito yanga ina ndi yokonza maulendo a abwana: matikiti, hotela, galimoto yokawatenga. Nditangoyamba, ndinkadabwa ndi zomwe ankafunsa. Sankafunsa za chakudya kapena dziwe losambiramo. Ankafuna chipinda chotalikirana ndi lifiti ndi bala, cha pamwamba, zenera losayang'ana ku msewu. Ankafuna kuti a pa risepushoni asauze aliyense woimba foni kuti iwo agona pamenepo. M'ndege ankasankha mpando wa pawindo, kutali ndi kokonzera zakudya ndi kuchimbudzi.

Ndikaona mtengo wa tikiti yawo, yomwe imaposa yanga kangapo konse, mumtima ndinkangoti anthu a ndalama amasowa nazo chochita. Ndegeyo ndi imodzi, tinyamuka limodzi, titera limodzi. Ndiye ndalama zonsezo n'zachani?

Usiku wa ku Doha ndi umene unandiyankha. Ndinawalembera uthenga kuti pali nkhani yofulumira, ndipo anatuluka kudzandipeza. Ndinafotokoza zonse mawu akunjenjemera. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti ndinatchula ziti ndi ziti, kenako anati: "Mwana wanga, ukuganiza kuti ine ndimalipira ndalama zija chifukwa cha vinyo? Sindimwa n'komwe. Ndimalipira kuti ndigone, ndiganize, komanso kuti wa pambali asaone zomwe zili pa kompyuta yanga."

Bambo aja mwina anali munthu wabwino chabe, ndipo akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma pamalopo panali anthu enanso, ndipo abwana sanafune kuika bizinesi pa mwayi. Maola pafupifupi asanu ndi awiri a ulendo wa ku London, omwe anakonza kuti agone, anawathera pokonzanso ndondomeko yonse. Ine kumbuyo sindinaone tulo, ndinkangowerengera miyezi ya lendi yomwe ndingakwanitse ntchito ikatha.

Malonda a bata

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuona kuti makampani a maulendo apamwamba amagulitsa kwambiri zinthu zitatu: bata, chinsinsi ndi mtendere wa mumtima. Mu 2017, Qatar Airways inabweretsa mipando yotchedwa Qsuite, yomwe ili ndi chitseko chokoka. Munthu akatseka amakhala m'kachipinda kakekake, mpando n'kuusandutsa bedi. Chitsekocho sichifika kudenga ndipo sichiletsa mkokomo wa injini, koma chimatchinga maso a anthu. Kwa munthu wonyamula mapepala a mgwirizano wa ndalama zambiri, zimenezo n'zokwanira.

Za mkokomowo zili ndi mbiri yake. Mu 1978, Amar Bose, mphunzitsi wa pa yunivesite ya MIT ku America, anali m'ndege kuchokera ku Zurich ndipo analephera kumva bwino nyimbo m'mahedifoni chifukwa cha phokoso la injini. Ali m'ndege momwemo anayamba kulemba masamu a momwe angalithetsere. Nzeru yake ndi iyi: kamaikolofoni kamamva phokoso la kunja, ndiye mahedifoniwo amatulutsa funde la mawu lotsutsana nalo, awiriwo n'kufafanizana. Zinatenga zaka zambiri kuti zitheke, ndipo mu 2000 kampani ya Bose inayamba kugulitsa mahedifoni a QuietComfort kwa anthu wamba. M'ndege yomwe ili m'mwamba phokoso limafika pafupifupi madesibelo 80, pamene bungwe la WHO limati m'chipinda chogona lisamapitirire madesibelo 30 kuti munthu agone bwino. N'chifukwa chake munthu amatsika ndege ali wolefuka ngakhale wangokhala pampando.

Mahotela nawo anazindikira msika umenewu kalekale. Mu 1988, Adrian Zecha anatsegula Amanpuri pa chilumba cha Phuket ku Thailand. Dzinali limatanthauza malo a mtendere m'chinenero cha Sanskrit. M'malo mwa chinyumba chachitali cha zipinda mazanamazana, anamanga tinyumba 40 totalikirana, kuti mlendo asamve zochitika kwa mnzake. Lero mahotela a Aman ali m'maiko ambiri ndipo ali m'gulu la odula kwambiri padziko. Ngakhale kwathu kuno, alendo amene amakwera kandege kakang'ono kupita ku Likoma amakhala akulipira zomwezo: mchenga wopanda chigulu cha anthu, ndi usiku womva mafunde okha.

Koma si bata lonse logula. Bwalo la ndege la London City silimalengeza pa zimkuzamawu kuti ndege yakuti ikunyamuka, aliyense amayang'ana yekha pa sikirini. M'sitima zothamanga za Shinkansen ku Japan, foni imakhala pa sailenti, ndipo wofuna kulankhula amadzuka n'kupita pakati pa mabogi. Zimenezi n'za wokwera aliyense, wolemera ndi wosauka. Ndi khalidwe chabe lomwe anthu anagwirizana.

Nanga ife a minibasi?

Sindinachotsedwe ntchito. Ndinalandira kalata ya chenjezo, yomwe ndimaisungabe. Koma pobwerera, tikudikira ndege ya ku Chileka, abwana anandiuza chinthu chomwe sindinachiganizirepo. Foni yawo imayamba kulira 5 koloko m'mawa: wina fizi, wina zamaliro, wina akufuna ntchito ya mwana wake, kuwonjezera za ku ofesi. Onsewo ndi anthu awo ndipo amawakonda. "Koma malo okhawo omwe palibe wondipempha kanthu ndi m'ndege," anatero akuseka. Ine sindinaseke. Ndinamva chisoni kuti munthu mpaka akwere kumwamba kuti apeze maola ochepa okhala yekha.

Kwathu kuno kufuna kukhala wekha n'kovuta kukufotokoza. Timakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo mwambiwu ndi woona. Ukadwala kapena ukaferedwa, amakunyamula ndi anthu omwewo. Koma ukatseka chitseko masana, ena amati wayamba kunyada, ena amati ukudwala. Ukachedwa kuyankha uthenga pomwe timizere tiwiri tasanduka tabuluu, pa gulu la banja payamba nkhani.

Komanso tisanamizane, pali kusiyana kowawa. Amene amafunika kwambiri tulo tabwino, monga namwino wochokera ku naiti kapena wophunzira wokhala m'chipinda chimodzi ndi anzake atatu pafupi ndi malo omwera mowa, ndi amene sangakwanitse kugula bata. Bill Gates ali ku Microsoft ankapita kawiri pa chaka kukakhala yekha sabata yathunthu m'kanyumba kobisika, kumangowerenga ndi kuganiza. Ambirife ngakhale theka la tsiku silingapezeke.

Komabe zina ndinaziphunzira ndipo sizilira ndalama. Nkhani za ndalama, zanga kapena za ku ntchito, sindimakambanso m'minibasi kapena pa mzere wa ku banki, ndimangoti ndikuimbirani ndikafika. Mvetserani mawa lino muli pa ulendo: mumva wina akutchula ndalama zomwe wangolandira pa Airtel Money kapena Mpamba, malo omwe atsikire, ngakhale dzina la bwana wake. Tikiti ya ndege sindimaijambula n'kuika pa Facebook, chifukwa manambala a pamenepo angathandize munthu wina kuona kapena kusokoneza ulendo wako. Pa WhatsApp ndinazimitsa timizere tabuluu, ndipo magulu ambiri ndinawaika pa mute. Ndipo tsiku lililonse, kuyambira 9 koloko usiku, foni imakhala pa airplane mode kwa ola limodzi, ngakhale ndili pa mphasa kunyumba ku Chilobwe.

Chovuta chinali kuwafotokozera amayi, omwe amakonda kuimba nthawi yomweyo. Sabata yoyamba anaimbira mchimwene wanga kumufunsa ngati andilakwira. Nditapita kumudzi ndinakhala nawo pansi.

"Amayi, si kuti ndakwiya. Ndimangofuna ola limodzi loti mutu upume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. "Nanga ukuganiza kuti ine ndimalawirira kudimba 4 koloko chifukwa chokonda mpiru? Kumeneko n'komwe palibe wondiitana."

Tinagwirizana kuti aziimba 8 koloko. Ngati pali zadzidzidzi usiku, ali ndi nambala ya aneba anga, omwe amangogogoda pa zenera.